Dzina Limene Anthu a ku Glendara Anakana Kufuula

M'chaka cha 1603, kumayambiriro kwa mwezi wa Ogasiti, asilikali a boma la Mangalande ananyonga Manus Mac Ronan pamtengo wa thundu m'tsinde mwa phiri la Knockdara, kumpoto chakumadzulo kwa chilumba cha Ayalandi. Anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndiye anali womaliza kukhala mfumu ya chigwa cha Glendara. Sanaphedwe chifukwa cha nkhondo, pakuti nkhondo inali itatha ndipo mafumu ena akuluakulu kuposa iye anali atakhululukidwa. Anaphedwa chifukwa anakana kupereka dzina la ufumu kwa mwana wake wobala yekha. Mbiri ino ikufotokoza mmene zinthu zinafikira pamenepo, potsata zimene akuluakulu a m'chigwacho akhala akusimba, ndipo pamene nkhani zawo zikusiyana ndi zimene ansembe a nthawiyo analemba, tanena poyera.

Kholo la fuko lonse anali Ronan, amene anachokera ku zilumba za kumpoto kalekale, pothawa mliri umene unatha ng'ombe za kwawo. Iye ndi anthu ake anawoloka nyanja m'ngalawa zopangidwa ndi zikopa, ndipo atafika kumtunda anatsata ng'ombe yaikazi imodzi yokha imene inapulumuka, yoyera thupi lonse koma makutu ofiira. Ng'ombeyo inawatsogolera m'madambo ndi m'nkhalango mpaka inakwera phiri la Knockdara n'kugona pafupi ndi mwala waukulu wafulati. Ronan anakwera pamwalapo wopanda nsapato kuti aone dziko la m'munsi, ndipo phazi lake lamanzere linalowa m'mwala monga limalowera m'thope. Anthu ophunzira amene anauyeza mwalawo amati phazilo linasemedwa ndi munthu, pamene eni chigwa amati linalowa lokha. Chimene onse amavomereza n'chakuti madzi a mvula amene amadikha mmenemo saphwa, ngakhale chaka chimene zitsime za m'chigwa zauma.

Alakatuli a banja la mafumu, amene ntchito yawo inali kusunga mibadwo pamtima, ankawerenga mafumu oposa makumi awiri kuchokera pa Ronan. Mayina oyambirira sitingawatsimikize, chifukwa mlakatuli ankadya kunyumba ya mfumu ndipo sankafupikitsa mzere wa amene akumudyetsa. Kuyambira pa Aed Wofiira mbiri imayenda pouma. Aed anabala Cathal, amene anamanga nyumba yaitali ya miyala imene mabwinja ake akuonekabe pakamwa pa mtsinje. Cathal anabala ana aamuna awiri, Tuathal ndi Fiach. Tuathal anafa akadali mnyamata pankhondo yolanditsa ng'ombe, nasiya mwana wakhanda, ndiye Manus, ndipo ufumu unapita kwa Fiach. Manus analowa m'malo mwa Fiach, bambo ake aang'onowo, m'chaka cha 1571, ngakhale Fiach anali ndi ana ake aamuna.

Zimenezi sizinali zachilendo. Pakati pa anthu amenewa ufumu sunkatsika kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana woyamba. Amuna onse ochokera kwa agogo amodzi anali oyenera, ndipo anthu ndiwo ankasankha amene akumuona kuti ali ndi mutu ndi mphamvu. Wosankhidwayo ankasiya dzina lake la ubatizo n'kumatchedwa Mac Ronan basi, kutanthauza mwana wa Ronan, monga mmene kwathu kuno munthu amalowera dzina la amene anamusiyira mpando. Dziko silinali lake. Ankagawa minda ndi msipu, ankaweruza milandu, ankalandira ng'ombe ndi batala kuchokera kumabanja, koma sakanagulitsa ngakhale kadambo kamodzi, chifukwa nthaka inali ya fuko lonse, akufa ndi osabadwa omwe.

Mwambo wolonga mfumu unkachitikira pamwala wa Ronan. Wosankhidwa ankaponda phazi lake lamanzere lopanda kanthu m'phazi la kholo lake. Kenaka mkulu wa banja la O Dirin, limene linkasunga udindo umenewu kuyambira kale, ankamuveka nsapato yakale yachikopa imene mafumu onse anavalapo, n'kuitana mokweza kuti, "Mac Ronan!" Khamu lonse linkayankha dzina lomwelo mpaka mapiri abweze mawu. Mfuu imeneyi ndiyo inkapanga mfumu. Popanda iyo munthu sakanalandira ngakhale mwana wa ng'ombe, ndipo palibe mwamuna amene akanamutsata kunkhondo. Mfumu inkathanso kubweza dzinalo. Aed Wofiira atachita khungu muukalamba wake, anakwera phiri atagwiridwa dzanja, navula nsapato ija, naisiya pamwala, ndipo chigwa chinakhala chopanda mfumu mpaka anthu anasankha Cathal.

Panali mwambo wina umene uyenera kumveka bwino, chifukwa ndi umene unagwetsa Manus. Ana a mafumu sankakulira pakhomo pa makolo awo. Ankaperekedwa kubanja lina kuti akaleredwe, limodzi ndi ng'ombe zothandiza kuwalera, ndipo ubale umene unkabadwa pamenepo unkaposa wa magazi. Abale a mimba imodzi ankatha kulimbirana mpando mpaka kuphana, koma munthu amene walera mwana wako sakanakusamulira dzanja, nawenso sukanamusamulira, ndipo wophwanya lamulo limeneli ankasalidwa ngakhale ndi ana ake omwe. Manus, pokhala wamasiye, analeredwa kwa a O Dirin, nayamwa bere limodzi ndi Felim, mwana wa pakhomopo, amene anali wamkulu kwa iye ndi miyezi yochepa. Atakula, Felim anataya zala ziwiri za dzanja lamanja potchinga lupanga limene linkalunjika pakhosi pa Manus. Ndiye amene pambuyo pake anamuveka nsapato pamwala, ndipo ndiye yekha m'chigwa chonse amene ankatha kuseka mfumu pamaso pa anthu.

M'chaka cha 1585 kunafika Kaputeni Hatley ndi gulu la asilikali a Chingerezi, namanga linga pamadooko a mtsinje, polowera m'chigwa. Monga ankachitira akapitawo a boma kwina konse, anatumiza uthenga wakuti mfumu ipereke munthu wa m'banja lake ngati chikole, posonyeza kuti sidzaukira. Manus anali ndi mkazi wake Gormla, mwana wa mfumu ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo anali ndi ana aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, Art, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ataganiza, anaona ngati wapeza njira yomangira mlendoyo manja popanda kukhetsa mwazi. Anati sapereka chikole, koma apereka Art kuti Kaputeniyo amulere.

Gormla anakana. "Bambo a Art, munthu ameneyu mwadya naye kangati? Mayi ake mukuwadziwa?"

"Sindifuna kudziwa mayi ake," anayankha Manus. "Akangomupatsa mwanayu mkaka m'nyumba mwake, wasanduka mbale wanga. Mfuti zake zonsezo zidzaloza kwina."

"Zimenezo n'za kwathu kuno. Kwawoko mwafunsa?"

Felim, amene anali pomwepo akusoka chishalo, anati, "Achimwene, kwathu tinakulerani ndipo ndinapindula zala zitatu m'malo mwa zisanu. Mwina mukufuna Mngereziyu atayenso zake, ngati ndi choncho ndavomera."

Manus anaseka, ndipo mwana anapita. Anamuperekeza ndi ng'ombe khumi ndi ziwiri ndi kahatchi kakang'ono kotuwa kamene mwanayo ankakonda kukwera. Ena amanena kuti womasulira ndiye anasokoneza nkhani, koma sizoona. Wansembe amene analipo analemba kuti Kaputeni anafotokozeredwa mwambo wonse momveka, nagwedeza mutu movomereza, nalandira mwana ndi ng'ombe zomwe. Anamva ndithu, kungoti kwawo mwambowo sunkamanga munthu. Kwa iye Art anali chikole chimene chabwera ndi chakudya chake.

Zaka zinapita, Manus akusunga mbali yake ya ubalewo mosaphonya. Chaka chilichonse ankatumiza kulinga mitsuko ya batala ndi hatchi yabwino, ndipo potchula Kaputeni ankati "bambo mnzanga". Art sanakhalitse palingapo. Anatumizidwa ku mzinda wa Dublin, kenaka kutsidya la nyanja, ndipo Gormla akapita kukafunsa ankangouzidwa kuti mwana ali bwino, akuphunzira. Nkhondo yaikulu itabuka pakati pa mafumu a kumpoto ndi boma la Mangalande, Manus anatumiza amuna ake kukathandiza anzake, ndipo anamenya nkhondo kumadera akutali, koma linga la pakhomo pake sanalikhudze. Nyengo ina yachisanu choopsa, asilikali a m'lingamo atatha chakudya n'kuyamba kudya mahatchi awo, anyamata a m'chigwa anapempha kuti akalitenthe, popeza amuna makumi awiri okha akanakwanitsa. Manus anawakaniza, ndipo m'malo mwake anatumizako ng'ombe zoti aphe. Anati munthu sasiya wolera mwana wake akufa ndi njala.

Nkhondo inatha m'chaka cha 1603, Angerezi atapambana. Patapita miyezi yochepa Kaputeni anaitana Manus kulinga kuti akadye naye chakudya chamasana ndi kuonana ndi mwana wake, amene anali atabwerako. Manus anapita wopanda chida, ndipo anamangidwa maunyolo asanakhale n'komwe pansi.

Zimene Kaputeni ankafuna zinali zosabisika. Anali ndi chikalata cha boma chonena kuti chigwa chonse cha Glendara ndi chuma cha munthu mmodzi, chimene mwini wake akhoza kubwereketsa kapena kugulitsa, ndipo chidzatsika kwa mwana woyamba wamwamuna monga mwa lamulo la ku Mangalande. Mwana woyambayo anali Art, amene tsopano anali atakwatira mwana wamkazi wa Kaputeni yemweyo. Nkhani ya ukwatiwu inanyansa anthu a m'chigwa kuposa maunyolo, chifukwa kwa iwo mtsikanayo anali mlongo wake wa Art, pokhala kuti analeredwa ndi bambo mmodzi. Komabe Kaputeni anali atakhala m'dzikomo zaka zambiri moti ankadziwa kuti chikalata sichikama ng'ombe. Asilikali ake anali ochepa, ndipo anthu sakanabweretsa msonkho kwa munthu amene sanamufuulire paphiri. Choncho anauza Manus kuti asankhe. Akakwera phiri, n'kuvula nsapato, n'kuveka mwana wake ndi manja ake pamaso pa anthu, adzabwerera kunyumba yake ya miyala n'kukafa ndi ukalamba pafupi ndi mkazi wake. Akakana, chingwe chinali chokonzeka.

Art analoledwa kukaona bambo ake m'chipinda chimene ankasungidwa. Manus anaona mwamuna wamtali wa zaka makumi awiri ndi zisanu, wometa tsitsi mwachingerezi, wopanda chofunda chaubweya chimene amuna a m'chigwa ankavala, koma nsidze ndi chibwano zinali za Gormla. Pakati pawo panaima womasulira, chifukwa chilankhulo cha kwawo chinali chitamuthawa mnyamatayo. Akuluakulu onse osimba mbiriyi amagwirizana kuti Art sanali munthu woipa mtima, ndipo zimene ananena zinali ndi nzeru yake.

"Akuti dziko lasintha," anatero womasulira. "Akuti mafumu aakulu onse agonja. Akatenga dzina iwowa adzateteza anthu anu, koma mukakana chigwa chidzapatsidwa kwa mlendo amene sadziwa aliyense."

"Mufunseni," anatero Manus, "msipu wa kuseri kwa phiri, kumene amayi amasiye amadyetsa ng'ombe zawo, udzakhala wa yani?"

Art anayankha mosabisa kuti udzakhala wake, ndipo odyetsako azidzalipira chaka ndi chaka.

"Nanga wolephera kulipira?"

Art anati iye sadzathamangitsa munthu.

"Iwe sudzathamangitsa, mwana wanga, ndakhulupirira. Nanga mwana wako, amene agogo ake ndi awa andimangawa? Nanga amene udzamugulitse tsiku limene udzapanikizika?"

Koma Art, osadikira womasulira, anafunsa m'mawu othyokathyoka a chilankhulo cha kwawo ngati kahatchi kotuwa kaja kanabwerera kunyumba, chifukwa anamulanda atangofika ku Dublin. Anamaliza ndi liwu lakuti "Bambo". Womasulirayo, amene anakhala ndi moyo mpaka ukalamba ndipo ndiye gwero la gawo ili la mbiri, ananena kuti Manus anatembenukira kukhoma, mapewa ake akugwedezeka, ndipo iye anaganiza kuti nkhalambayo yagonja. Sitiyenera kupeputsa yesero limeneli. Munthuyo ankapatsidwa moyo wake ndi mwana wake wotayika nthawi imodzi, ndipo mtengo wake unali kusuntha nsapato imodzi kuchoka paphazi lina kupita pa lina.

Gormla anabwera pambuyo pake, atanyamula mkate ndi malaya oyera. Sanalire. Anapukuta mwamuna wake zilonda za maunyolo, ndipo pochoka anati, "Bambo a Art, ndamuona. Ndi mwana wanga, ndipo ndikanakonda kumuphikira mpaka nditafa. Koma munapereka mwana wanga osandimvera. Musaperekenso ana a eni ake."

Manus anatumiza mawu kwa Kaputeni kuti akwera phiri.

Tsiku linasankhidwa la chikondwerero cha zipatso zoyamba, pamene anthu ankakwera kale ku Knockdara chaka ndi chaka. Ng'ombe zambiri zinali kumsipu wa kumapiri, monga zinkakhalira nyengo imeneyo, koma eni ake anatsika, ndipo phiri linadzaza kuyambira pamwala mpaka m'munsi. Asilikali anaima mozungulira ndi mfuti zawo. Manus anamasulidwa maunyolo, Felim anabweretsa nsapato yakale ija n'kumuveka, ndipo mfumu inakwera pamwala. Art anaima pambali pake atavula kale nsapato yake yamanzere.

Manus anawerama, navula nsapato ya makolo, naikweza kuti onse aione. Art anasendeza phazi. Koma bambo ake anaika nsapatoyo pamwala, monga anachitira Aed Wofiira, natsika pansi ndi phazi lopanda kanthu.

"Ine ndine Manus, mwana wa Tuathal, mwana wa Cathal," anatero ndi mawu amene anamveka mpaka kumunsi. "Mac Ronan palibe. Dzina munandibwereka ndinu, ndipo ndabweza kwa inu. Sindingapatse mwana wanga chinthu chimene si changa."

Kaputeni atamva tanthauzo lake, nkhope yake inafiira, koma sanataye mtima, chifukwa nsapato inalipo ndipo woveka analipo. Analamula Felim kuti aitole aveke Art.

Felim anakweza dzanja lake loduka zala lija. "Muwauze bwanawa kuti zala zovekera nsapato zinatsala kunkhondo. Zatsalazi n'zokandira pamutu basi."

Anthu amene anali pafupi anaseka, ndipo msilikali wina anamumenya ndi thako la mfuti mpaka anagwa. Msilikali yemweyo anatola nsapato, nagwira mwendo wa Art, naupondetsa m'phazi la Ronan, namuveka. Popeza Felim anakana kutsegula pakamwa, womasulira ndiye analamulidwa kuitana, ndipo anaitana kuti, "Mac Ronan!"

Palibe amene anayankha. Womasulira anaitananso, ndipo kunamveka mphepo yokha ikuwomba m'udzu. Kaputeni analamula asilikali kuloza mfuti kukhamu, nalonjeza kuti banja loyamba kufuula lidzapatsidwa munda wake ulele, ndipo mudzi umene udzakhale chete udzatenthedwa. Anthu anangoyang'ana. Panali mabanja amene anali ndi milandu ndi Manus, panali ana a Fiach amene ankaufuna mpandowo kuyambira kale, panalinso osauka amene munda waulele ukanawasintha moyo, koma pakamwa pa onse panali potseka. Osimba ena amawonjezera kuti ngakhale makanda kumbuyo kwa amayi awo sanalire, ndi kuti mbalame zinatera pansi. Zimenezo n'zokometsera, ndipo nkhaniyi siifuna kukometsera. Chimene wansembe analemba n'chokwanira: dzina linaitanidwa mobwerezabwereza, ndipo chigwa sichinavomere.

Art anaima pamwalapo nthawi yaitali, madzi a m'phazi la kholo lake atanyowetsa nsapato. Anayang'ana nkhope za anthu amene sankawadziwa, nayang'ana mayi ake, kenaka anavula nsapatoyo yekha n'kutsika. Ena amati anaiponya pansi mokwiya, ena amati anaipereka m'manja mwa Gormla. Chodziwika n'chakuti Gormla ndiye anatsika nayo phiri, atabisa m'chofunda chake, ndipo asilikali sanaipezenso.

Kaputeni sakanatha kuwombera khamu lonse, popeza ndilo linkayenera kumulimira. Mkwiyo wake unagwera anthu awiri. Masana omwewo Manus ndi Felim anatengeredwa kumtengo wa thundu m'tsinde mwa phiri. Art anagwada kupempha apongozi ake kuti akhululuke, koma sanamvedwe. Asilikali atafuna kuyamba ndi Manus, Felim anawatchinga ndi phewa.

"Iyayi, achimwene, musandipitirire. Bere ndinayamba ndine, inu munkapeza lotsala. Chingwechinso ndiyamba ndine."

"Unali wadyera kuyambira kale," anatero Manus. "Pita, ndikupeza."

Kwa Kaputeni Manus analankhula kamodzi kokha, kudzera mwa womasulira. Anati, "Ng'ombe zanga munadya, mwana wanga munalera, ndipo sindinakusamulireni dzanja. Ine ndasunga mwambo mpaka pano. Zimene mwachita inu, ana anu adzazinyamula." Anafa wopanda nsapato kuphazi lamanzere.

M'masiku otsatira asilikali anakwera phiri ndi nyundo zikuluzikulu kukaswa mwala wa Ronan, kuti pasadzapezekenso wina woimapo. Anatha kuung'amba pakati pokha, mng'alu ukudutsa paphazi lija, zala mbali ina, chidendene mbali ina. Atatsika anapeza midzi yambiri ili pululu. Anthu anali atanyamula ana, miphika ndi mbewu, nakwera kumsipu kumene ng'ombe zawo zinali kale, ndipo kuchokera kumeneko anawoloka mapiri kupita kudziko la miyala ndi madambo ozizira la Binmore, kumene palibe Mngerezi amene ankalifuna. Anawatsogolera ndi Gormla pamodzi ndi Cormac, mwana wamkulu wa Fiach. Anthu anapempha Cormac kuti atenge dzina kumeneko, koma iye anati dzina limatengedwa pamwala wa Knockdara, ndipo lidikira mpaka adzabwerere.

Nyimbo za m'chigwa zimati onse anachoka ndipo palibe amene anabwerera, koma zolembedwa zikusonyeza zina. Chisanu choyamba ku Binmore chinapha okalamba ambiri, ana aang'ono ndi theka la ng'ombe. Mabanja ena anabwerera chaka chotsatira n'kukalima minda ya makolo awo ngati obwereka, akulipira kwa mlendo. Sitiwaweruza, chifukwa anali ndi ana oti adyetse. Koma ngakhale obwererawo sanatchulepo Art kuti Mac Ronan. Ankamutcha mwana wa Gormla. Iye anakhala m'nyumba ya miyala zaka zosakwana khumi, msonkho ukubwera mochepa ndiponso mokakamiza, ndipo zimene bambo ake anamufunsa m'chipinda chija zinachitikadi. Anagulitsa chigwa kwa abale a mkazi wake, nawoloka nyanja, nafera kumeneko. Zidzukulu zake zinachotsa "Mac" padzina la fuko lawo ndipo zinasungunuka pakati pa Angerezi. Gormla anafera ku Binmore ali wokalamba kwambiri. Anthu amakhulupirira kuti nsapato ija inaikidwa naye m'manda, koma manda akewo sadziwika pamene ali.

Chigwa chinakhala m'manja mwa eni malo achilendo pafupifupi zaka mazana atatu, mpaka pamene malamulo anasintha ndipo olima analoledwa kugula minda imene ankalima. Ambiri mwa ogulawo anali a fuko la Ronan ndi a O Dirin, ena otsika kuchokera ku Binmore. Mtengo wa thundu unagwa kalekale, ndipo nyumba ya Cathal yatsala makoma awiri mmene nkhosa zimabisalamo mvula. Pamalo pamene panali linga la Kaputeni Hatley pali munda wa mbatata.

Mwala ukadali pamwamba pa Knockdara, wong'ambika monga anausiyira asilikali, ndipo mbali ya chidendene imasungabe madzi. Lamulungu loyamba la mwezi wa Ogasiti anthu a m'chigwa amakwera phirilo, pamodzi ndi abale awo obwera kuchokera kumaiko akutali. Akafika pamwala amavula nsapato yamanzere, ndipo mkulu wa banja la O Dirin amaitana kamodzi kuti, "Mac Ronan!" Palibe amene amayankha. Amaima chete kanthawi, n'kuvalanso nsapato zawo, n'kutsika. Kuyambira tsiku limene Manus analibweza, dzinalo silinapatsidwe kwa munthu wina aliyense, ndipo likadali m'manja mwa anthu a ku Glendara.